Nkhani zakale zoposa 600 pa webusayiti yanga ya zaulimi: ndifufute kapena ndizisiye?

Mlimi_waMponela

Moni nonse. Safunsa anadya phula, choncho ndati ndifunse kaye ndisanachite chinthu chimene sindingathe kuchibweza.

Ndili ndi webusayiti ya zaulimi imene ndinayamba mu 2016, nthawi imeneyo ndikadali pa choko. Ndimalemba m'Chichewa chokhachokha: chimanga, soya, mtedza, nkhuku zachikuda, nkhumba apo ndi apo. Nkhani zonse zadutsa 600 tsopano. Za makompyuta ine ndine mlendo. Ndinayambira pa Blogger poti ndi yaulere, patapita chaka ndinagula dzina langalanga la webusayiti, ndipo mu Januwale chaka chino cha 2024 mnyamata wina wa ku Lilongwe anandisamutsira zonse ku WordPress. Kukongola inakongola, sindikana. Ngakhale mayi a kunyumba anati tsopano ikuoneka ngati ya anthu.

Koma owerenga ochokera pa Google andithera. Mu Search Console, chida cha Google choonetsa kuchuluka kwa anthu ofika pa webusayiti posaka, Seputembala wa 2023 ndinkapeza anthu odina oposa 250 pa tsiku. Seputembala wa chaka chino sindinafike 80 ngakhale tsiku limodzi. Ndachita dala kuyerekeza mwezi ndi mwezi womwewo, chifukwa nkhani zaulimi zili ndi nyengo yake. Mu Juni palibe amasaka za kabzalidwe ka chimanga. Kandalama ka AdSense, kochokera ku malonda amene Google amaika pa webusayiti, kamene kamandigulira bandulo ndi kulipira hosting (malo osungira webusayiti) nako kafota. Choopsa kwambiri n'chakuti ambiri ogula mbande za mapeyala ku nazale kwanga amandipezera pomwepo.

Nditamuimbira mnyamata uja, sanachedwe n'kuyankha. Akuti Google sakonda zakale, webusayiti yanga yalemedwa ndi zinyalala. Akuti ndifufute chilichonse cholembedwa 2021 isanafike, zimene ndi nkhani pafupifupi 380, ndipo zotsalazo ndizisinthe tsiku zioneke ngati ndalemba sabata ino. Zonsezi akuti achita tsiku limodzi, pa K60,000.

Lamlungu usiku ndinakhala pansi n'kuyamba kuziwerenga nkhani zakalezo, ndipo ndaona kuti sizingalowe m'thumba limodzi.

Zilipo zimene ngakhale mwini wakene ndikuchita nazo manyazi. Mu 2017 ndi 2018 Loweruka lililonse ndinkazungulira pamsika n'kulemba mitengo: ndowa ya chimanga mwakuti, soya pa kilo mwakuti, mbuzi mwakuti. Mizere isanu, chithunzi chimodzi cha utsiutsi chojambulidwa ndi kafoni kanga ka nthawi imeneyo, basi. Zoterezi zilipo 90 ndi kanthu, ndipo palibe amazitsegula.

Zina zinali zoona tsiku limene ndinalemba koma lero zikunamiza anthu. Mu Okutobala 2020, AIP itangolowa m'malo mwa FISP, ndinalemba nkhani ya mutu wakuti "Feteleza wotsika mtengo ndi K4,495 pa thumba". Chaka chotsatira mtengowo unafika K7,500, kenaka K15,000. Koma nkhaniyi ikadatulukabe pa Google, ndipo mwezi wathawu bambo wina analemba pansi pake kuti, "Inu alangizi abodza, feteleza wa 4,495 akupezeka kudepoti iti?" Zinandiwawa, koma walakwa pati? Tsiku lili m'timalemba tating'onoting'ono pamwamba, pa foni silioneka n'komwe.

Za manyowa a Mbeya ndinalemba katatu: mu 2021, mu 2022 kwacha itagwa mu Meyi, ndi mu 2023 itagwanso mu Novembala. Feteleza akangokwera anthu amandifunsanso, ine n'kulembanso. Zitatu zonsezo zikunena chimodzimodzi, gaga, phulusa, ndowe, feteleza pang'ono, kumanga m'thumba la pulasitiki masiku 21. Ndikasaka pa Google lero ituluka ya 2021, mawa ya 2023, tsiku lina palibe ndi imodzi yomwe.

Ndiye pali zimene zikundisowetsa tulo. Nkhani ya kasungidwe ka chimanga kuti chisafumbwe ndinailemba mu 2017 bambo anga akadali moyo, ndipo theka la zili m'menemo anandiuza ndi iwo titakhala pansi pa nkhokwe tikutonola. Ya katemera wa chitopa, wa I-2 wodonthezera m'diso uja, ndi ya 2018. Pa lamulo la mnyamatayu, zimenezi zikupita kudzala limodzi ndi mitengo ya mbuzi.

Kodi n'zoona kuti nkhani ikakalamba imakokera pansi webusayiti yonse? Kusintha tsiku kumathandizadi, kapena n'kupaka laimu nyumba yong'aluka? Ngati zina ziyeneradi kuchoka, zimachotsedwa bwanji osagumula zina? Mvula ili pafupi, ndipo ine miyezi yanga yokolola pa intaneti ndi Novembala ndi Disembala.

Katswiri_si_ine

Aphunzitsi, K60,000 ija isungeni kaye m'thumba. Ine ndimasamalira mawebusayiti a timakampani tating'ono kuno ku Johannesburg, ndipo mu zonse mwafotokozazi chimene chandiimitsa ndi Januwale uja. Nkhani zakale munali nazo chaka chathanso, owerenga ali 250 pa tsiku. Zakalamba usiku umodzi?

Tsegulani Search Console, pitani ku Performance, musankhe miyezi 16, poti ndi pamene Google amalekezera kusunga. Muyang'anitsitse sabata imene mzere unayamba kutsika. Ngati unagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, vuto ndi msamuko. Ngati unali bwinobwino mpaka Malichi, tikamba zina, chifukwa Google anasintha kwambiri kasanjidwe ka masamba kuyambira pa 5 Malichi 2024 mpaka pa 19 Epulo, ndipo mawebusayiti ang'onoang'ono ambiri anavulala nthawi imeneyo. Koma ine ndikubetcha pa Januwale.

Pa Blogger adilesi ya nkhani imakhala ndi chaka, mwezi ndi mutu, n'kuthera ndi .html, mwachitsanzo /2017/05/kasungidwe-ka-chimanga.html. Pa WordPress ambiri amaikonza kuti ingokhala /kasungidwe-ka-chimanga/. Kwa inu ndi nkhani yomwe ija. Kwa Google ndi masamba awiri osiyana: lakale, limene kwa zaka 7 lakhala likusonkhanitsa malinki ndi mbiri, lafa, ndipo latsopanoli ndi mlendo amene wangofika kumene m'mudzi. Wosamutsa amayenera kuika 301 redirect pa adilesi iliyonse yakale, kuti munthu kaya Google akagogoda pakhomo lakale apeze womulozera kumene munasamukira. Pitani ku Pages, pansi pa Indexing, muone nambala imene ili pa "Not found (404)", kutanthauza masamba amene sakupezeka. Kapena chitani chachidule: pezani linki imene munatumiza pa WhatsApp chaka chatha, zija zothera ndi .html?m=1, muidine. Mutiuze mwaona chiyani.

Zakuti Google amadana ndi zakale, mnyamatayo sanazipeke yekha, zakhala zikuyenda. Mu Ogasiti 2023 Gizmodo anaulula kuti CNET, webusayiti yaikulu ya ku America ya nkhani za mafoni ndi makompyuta, inafufuta nkhani zakale masauzande pofuna kukwera pa Google. Danny Sullivan, amene nthawi imeneyo anali wolankhulira Google pa nkhani za kusaka, ananena poyera kuti zimenezo kulibe, ndipo malangizo awo salimbikitsa kufufuta nkhani chifukwa chakuti ndi yakale. M'malangizo omwewo, gawo lokamba za kulemba zothandiza anthu, muli zinthu ziwiri zenizenizo zimene mwauzidwa: kusintha tsiku pomwe nkhani sinasinthe kwenikweni, ndi kuchotsa zakale zambiri kuti webusayiti ioneke yatsopano. Zonse aziika m'gulu la zinthu zoti mupewe.

Alipo mafunso amene amafunadi zatsopano, monga mtengo wa feteleza, zotsatira za mayeso, mpira wa dzulo. Pamenepo yakale imagonja ndithu. Koma munthu amene nkhuku zake zikugwetsa mapiko alibe nazo ntchito kuti munalemba chaka chanji. Chitopa cha 2018 ndi chitopa chomwechi.

Ya AIP musaifufute. Ngati ikukokabe anthu mpaka kukutukwanani, ndiye kuti ili ndi mphamvu, kungoti ikuwapatsa yankho lolakwika. Chotsani mtengo m'mutu, ukhale ngati "Mtengo wa feteleza wa AIP chaka ndi chaka". Pamwamba penipeni ikani mtengo wa nyengo ino ndi tsiku limene mwautsimikiza, m'munsi mundandalike zaka zam'mbuyo. Adilesi musaikhudze. Chaka chilichonse muzikonza tsamba lomwelo m'malo mobereka lina.

Za Mbeya zija zikulandana chakudya zokhazokha, n'chifukwa chake Google akusinthasintha. Onani ku Links mu Search Console kuti ndi iti imene mawebusayiti ena anailoza kwambiri, imeneyo ikhale mayi. Zabwino za ziwirizo musamutsire m'menemo, kenaka ziwirizo muziike 301 yopita kwa mayiyo. Apa tsiku mutha kusintha ndi mtima woyera chifukwa ntchito mwagwiradi.

Mitengo ya Loweruka 90 ija, kufufuta kulibe mlandu, koma musayembekezere kuti kukukwezani. Mukazichotsa zisiyeni zipereke 404 kapena 410, manambala ouza Google kuti tsambalo kulibe. Musazilozere zonse ku tsamba loyamba monga amachitira anthu ambiri. Google akaona kuti kumene mwamutumiza sikukugwirizana ndi chimene amafuna, amaziwerengabe ngati zosowa.

Mlimi_waMponela

Achimwene, mwalasa. Mzere unagwa sabata yomaliza ya Januwale, ngati munthu waterereka pa chitsime. Pa 404 pali nambala yoposa 500. Ndadina linki ya chitopa imene ndinatumiza m'gulu la alimi a nkhuku mu Ogasiti chaka chatha, yanditengera pa tsamba loyera lolembedwa kuti palibe kanthu. Ndakhala chete mphindi zingapo. Ndiye kuti miyezi 9 yonseyi aliyense wotsegula linki yanga yakale amangobwerera pakhomo, ine ndili kalikiliki kulemba zatsopano.

Ndamuimbiranso mnyamata uja, akuti Blogger ndi choncho, palibe chochita. Sindinakangane naye. Funso langa tsopano: maadilesi akalewo ndiwapeza kuti onse, ndipo ntchito yolozerayi munthu ngati ine ndingaithe?

Mayi_Mlangizi

Abambo, za 301 ndi 404 ndikusiyirani achimwene a ku Johannesburg, ine zimenezo sindizidziwa. Ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi ku Dedza mpaka kupuma, ndipo nkhani zanu ndakhala ndikuziwerenga, zina ndinkatumizira alimi otsogola. Ndiye mundilole ndikudzudzuleni pang'ono monga munthu wa kumunda.

Nonse mukukamba zoti ndi nkhani iti ikubweretsa anthu. Ine nkhawa yanga ndi nkhani imene ikubweretsa anthu n'kuwapweteka. Wa K4,495 uja anangotaya ulendo wa kudepoti. Koma tsegulani imene munalemba kumayambiriro kwa 2017, mbozi zija zitangolowa kumene m'chimanga. Nthawi imeneyo tonse tinali osokonezeka, ife alangizi amene. Wina akuti thirani dothi mu nsonga, wina phulusa, wina msuzi wa nsomba kuti nyerere zibwere, wina sopo waufa. Zonsezo munalemba, ndipo sindikudandaula nazo kwambiri. Chimene chikundiopsa ndi pamene munalemba kuti mankhwala opopera muthire "kachitsekero kamodzi" mu sipuleya. Kachitsekero ka botolo liti? Mankhwala a mphamvu yanji? Mabotolo amene ali m'mashopu lero si onse ofanana ndi limene munali nalo m'manja tsiku limenelo. Mzere umenewo uchoke lero lomwe, mulembe kuti mlimi atsate muyeso wolembedwa pa botolo lake, avale zodzitetezera, ndipo apopere m'mawa kwambiri kapena madzulo mbozi zikatuluka.

Ya bambo anu ya kasungidwe ka chimanga ndi yabwino, makamaka pamene akufotokoza za kuumitsa ndi kuluma njere kuti umve ngati yauma. Imeneyo musaisinthe mawu ngakhale amodzi. Koma chakumapeto munatchula mapiritsi ofukizira m'matumba. Amene aja amatulutsa mpweya wakupha, ndipo kumudzi matumba timagona nawo m'nyumba. Chotsani ndime imeneyo, m'malo mwake muikemo za matumba a PICS amene safuna mankhwala. Google sangakuuzeni zimenezi, iye sanapoperepo munda. Ndiye pamene mukusanja nkhani zanu, yambani mwasaka mawu akuti "mankhwala", "jakisoni", "muyeso" ndi "piritsi", zimenezo muziwerenge kaye musanawerenge manambala a odina.

Pa mitengo ya Loweruka sindikugwirizana ndi zofufuta. 2017 ndi chaka chimene chimanga chinatchipa mpaka alimi kulira chili m'nkhokwe. Ndani winanso analemba mtengo wa ndowa pa Mponela sabata ndi sabata chaka chimenecho? Inu mukuona zinyalala chifukwa zamwazikana. Zisonkhanitseni pa tsamba limodzi, tsiku uku mtengo uku, mwana wa ku Bunda wolemba kafukufuku adzakudalitsani.

Ndirande_Boy

Madala, ine ndisiyane nawo pang'ono akuluakuluwa. Kufufuta kumagwira ntchito, ndinaona ndi maso anga. Ndili ndi webusayiti ya nyimbo ndi zochitika m'tauni, inali ndi mapositi 1,900. Chaka chatha ndinakwiya tsiku lina n'kuchotsa 700 nthawi imodzi, patatha miyezi itatu zinthu zinayamba kuyenda bho. Ndiye zoti Google akuti sizithandiza, iwo anganene chiyani? Sangakuuzeni chinsinsi chawo. Munda ukachuluka tchire chimanga sichikula.

Koma ndivomere, zimene ndinachotsazo zambiri zinali zongokopera pa Facebook, chithunzi ndi mizere iwiri, zina mapositi a shoo imene inachitika 2018. Ndiponso nthawi yomweyo ndinasintha theme, chikombole cha maonekedwe a webusayiti, yakale inkatenga chaka kuti itseguke pa foni. Ndiye kaya chinathandiza n'chiti, koma ine ndimati kufufuta.

Chimodzi chokha ndikuchitireni nsanje: inu mulibe opikisana nanu. Ife za nyimbo tilipo gulu, aliyense akulemba zomwezo. Koma munthu akalemba pa Google "katemera wa chitopa" m'Chichewa, masamba omveka ndi angati? Mukachotsa yanu, chimene chitsale ndi zija zomasulira ndi makina, zoti ukawerenga mutu umapweteka. Onaninso ma tag, timawu tija timene mumamata pa nkhani pozigawa m'magulu. WordPress amapanga tsamba pa tag iliyonse, ine ndinapeza ndili ndi masamba a tag ambiri kuposa nkhani zenizeni.

Katswiri_si_ine

Mphwanga wa ku Ndirande, wadziyankha wekha. Unachotsa zokopera ndi zopanda kanthu, n'kukonzanso liwiro la webusayiti mwezi womwewo. Zikanakhala zokopera za dzulo ukanayeneranso kuzichotsa. Sindikukana kuti kudulira kumathandiza nthawi zina, makamaka pa webusayiti imene theka lake ndi mankhusu. Chimene ndikukana ndi kugwiritsa ntchito kalendala ngati chikwanje. Pa ma tag wanena zoona. Aphunzitsi, ngati pa WordPress muli ndi kapulogalamu kowonjezera ka Yoast kapena Rank Math, muli batani loika noindex pa masamba onse a tag, kumene ndi kuuza Google kuti asawaonetse kwa osaka.

Amayi a ku Dedza, pa mitengo mwandigonjetsa. Tsamba limodzi la mitengo ya 2017 ndi 2018 ndi labwino kuposa kufufuta, ndipo zikatero 90 zija zipeza kolozera koyenera, osati 404.

Tsopano maadilesi. Ntchitoyi muitha, kungoti ndi yotopetsa ngati kusankha mtedza. Musanayambe chilichonse tengani backup ya webusayiti yonse, muisunge pa kompyuta ndi pa flash.

Mndandanda wa 404 uli mu Search Console momwemo, pali batani la Export, ndipo limapereka mizere mpaka 1,000, kwa inu ndi yokwanira. Koma musayambire pamwamba kutsika. Bwererani ku Performance, musankhe Julayi mpaka Disembala 2023, mudine pa Pages, musanje kuyambira imene inali ndi odina ambiri. Mupeza kuti nkhani 40 kapena 50 ndi zimene zinkasenza webusayiti yonse. Yambani ndi zimenezo. Chitani sabata ino, chifukwa malire a miyezi 16 aja akuyenda. Mwezi uliwonse ukadutsa, mwezi umodzi wa nthawi yanu yabwino ukufufutika. Tsitsani zonse muzisunge mu spreadsheet. Ngati akaunti yanu ya Blogger ikadalipo, maadilesi onse ali momwemo, ndipo ena osowa muwapeza pa Wayback Machine, webusayiti yosunga makope akale a masamba a pa intaneti.

Pa WordPress ikani plugin yotchedwa Redirection, ndi yaulere. Imafuna zinthu ziwiri, adilesi yakale ndi yatsopano. Mutha kulemba imodziimodzi kapena kukonza spreadsheet ya magawo awiri n'kuilowetsa yonse ngati CSV. Wina akuuzani kuti lamulo limodzi lochotsa chaka, mwezi ndi .html likwanira. Ligwira pa zina, koma Blogger amadula mitu yaitali, ndiye adilesi yakale imathera pakati pomwe yatsopano ili yathunthu. Mitu yanu ya Chichewa ndi yaitali, choncho 50 zofunikazo muzichite pamanja ndi kuyesa iliyonse. Musaiwalenso kuuza plugin kuti isalabadire zimene zili kumanja kwa chizindikiro cha funso mu adilesi, apo ayi malinki a ?m=1 amene ali m'mafoni a alimi akhalabe akufa.

Pali msampha umodzi pa za Mbeya. Adilesi ya Blogger ya 2022 musailozere ku ya WordPress ya 2022 imene nayonso ikulozera kwa mayi uja. Ilunjike kwa mayi mwachindunji. Komanso musayesedwe kubweza maadilesi onse kuti afanane ndi a Blogger. Atsopanowa Google wawazolowera kwa miyezi 9, kusamukanso kachiwiri n'kudzivulaza. Ma redirect akaikidwa asachotsedwe. Google amati akhale chaka chimodzi kapena kuposa, ine ndimati asiyeni mpaka kalekale chifukwa linki ya pa WhatsApp ilibe tsiku lofera.

Ndisakunamizeni kuti zonse zibwerera. Miyezi 9 ndi yaitali, malo ena anatengedwa ndi ena. Kusintha muyamba kukuona pakatha masabata angapo, mwina miyezi. Zofunika kwambiri zija mutha kuzilowetsa mu URL Inspection ya mu Search Console n'kupempha kuti Google aziyendere msanga. Ndipo musanaweruze nkhani iliyonse kuti yafa, kumbukirani kuti Search Console amawerenga obwera kuchokera pa Google okha. Nkhani imene ili ndi ziro pamenepo mwina ndi imene ikuzungulira m'magulu a WhatsApp a kwa Madisi.

Mlimi_waMponela

Ndabweranso patatha masabata awiri kuti musaganize kuti ndinathawa ndi nzeru zanu.

Amayi, ndinayamba ndi zanu. Kachitsekero kachoka, mapiritsi achoka. Nditasaka mawu amene munanena ndinapezanso nkhani zina 11 zotchula muyeso wa mankhwala, ina ya nkhumba ndinalemba jakisoni osatchula kulemera kwa nkhumbayo. Sindinagone bwino tsiku limenelo. Ndime za bambo anga sindinazikhudze, ndangoika mzere pamwamba wonena kuti nkhaniyi inalembedwa mu 2017 ndipo yakonzedwa mu Okutobala 2024, ndi chimene chasintha.

Ma redirect ndafika 140. Zoyamba 50 ndinachita pamanja usiku utatu, magetsi akayaka. Pa ya chitopa ndinalakwitsa chilembo chimodzi, inkangozungulira osatseguka, mpaka mwana wanga wamkazi wa Folomu 3 ndi amene anaona kuti ndalozera adilesi kwa iyo yomwe. Tsopano iye ndi amene akulemba mitengo ya Loweruka mu tebulo, ndikumulipira K200 pa sabata iliyonse imene walowetsa. Wafika Ogasiti 2017 ndipo akukana kukhulupirira kuti mbuzi inkagulidwa pa mtengo umenewo.

Ya Mbeya tsopano ndi imodzi, ndipo ndaikamo zithunzi zatsopano za thumba limene ndinamanga kuseri kwa khola. Ya AIP ndaisintha mutu. Bambo wonditukwana uja ndamuyankha pansi pa ndemanga yake, ndapepesa, sanabwererenso. Odina dzulo anali 104. Sindikudziwa ngati ndi ma redirect kapena n'chifukwa chakuti mitambo yayamba kusonkhana ndipo anthu ayamba kusaka za mbewu, tiona mu Disembala. Pa 380 zimene ndinauzidwa kuti ndifufute, ndafufuta 6, zonse zolengeza misonkhano ya kalabu imene inatha kalekale.

Pali imodzi yandiimitsa. Mu Malichi 2019, mvula ya Idai itawononga kumwera, ndinalemba kupempha anthu kuti asonkhe mbewu ya chimanga ndi mbatata yoti titumize ku Nsanje, ndipo m'munsi mwake muli mayina a anthu 23 amene anapereka, ena anamwalira. Muli nambala yanga yakale ya foni, imene pano ili ndi munthu wina. Nambalayo ndaichotsa. Koma tsambalo sindikufuna lizituluka pa Google ngati kuti tikusonkhabe, komanso sindikufuna kulifufuta. Achimwene, noindex imene munanena pa ma tag ija, ingagwirenso pa nkhani imodzi yokha, linki yake n'kumatsegukabe kwa amene ali nayo?